TCHIZI WONUNKHA NDI ANTHU AMENE AMAMKONDA

M'chiyankhulo chathu muli mawu awiri oyandikana ngati mphuno ndi mlomo, ndiwo kununkha ndi kununkhira. Kusiyana kwawo pa kalembedwe n'kochepa, koma mkamwini amene angaphonye n'kuuza apongozi ake kuti ndiwo zawo zikununkha, pamene amafuna kunena kuti zikununkhira, nkhani yake ikhoza kukathera kwa ankhoswe. M'gawo lino la nkhani zathu za zakudya za anthu a mitundu ina, tikambirana za chakudya chimene chimasokoneza mawu awiriwa, pakuti eni ake amavomera poyera kuti chimanunkha, komabe amachigula pa mtengo wokwera nachiika patsogolo pa mlendo wolemekezeka. Chakudyacho ndi tchizi wa fungo lamphamvu wa ku Ulaya.

Ine ndidakumana naye koyamba m'chipinda cha aphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yogonera konko. Tidali ndi mnzathu wochokera ku France amene adabwera kudzaphunzitsa Chifalansa. Tsiku lina, iye atangobwerako ku tchuthi kwawo, tidalowa m'chipindamo nthawi ya tiyi n'kupezamo fungo losaneneka. Wina adati khoswe wafera kudenga. Wina adaloza nsapato za mphunzitsi wa masewera zimene zidali pansi pa tebulo, ndipo mwini wake adazitulutsa panja mwamanyazi, koma fungo lija lidatsala momwemo. Tili m'kati mosuntha makabati, mnzathu uja adalowa akumwetulira, natulutsa m'chikwama chake chimene adachisiya pampando kabokosi kathabwa kozungulira, nanena kuti watibweretsera mphatso yoposa zonse za kwawo. Atatsegula, tonse tidadziwa kuti khoswe uja wapezeka.

Ambiri adakumbukira nthawi yomweyo kuti ali ndi makope oti akachonge. Ine ndidachedwa kupeza chonamizira, tsono poopa kumkhumudwitsa mlendo ndidalandira kachidutswa ka buledi kamene adakapaka chinthucho, chofiirira kunja, chonanda m'kati ngati phala la mwana. Ndidaika m'kamwa nditaumira mpweya. Zimene ndidamva sindidaziyembekezere: kukoma kwake kudali ngati kwa msuzi wa nyama imene yawira tsiku lonse, kosakaniza ndi batala ndi kamchere pang'ono, ndipo fungo loopsa lija m'kamwamo mudalibe. Dzina la tchiziyo lidali Époisses. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kumvetsa kuti zimatheka bwanji kuti mphuno ikane chinthu chimene pakamwa pachivomera.

Chiyambi chake ndi chambiko

Tchizi ndi njira yosungira mkaka. Aliyense amene adawetapo ng'ombe akudziwa kuti mkaka wokama m'mawa sufika mawa lake uli momwemo, ndipo amene adamwapo chambiko waona kale theka la ntchito yopanga tchizi. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose. Tizilombo tina tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya, timadya shugayo ndi kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amachititsa kuti mkaka usase ndi kugwirana. Opanga tchizi amawonjezerapo madzi ena otchedwa rennet, amene kale ankawatenga m'chifu cha mwana wa ng'ombe woyamwa, kuti mkakawo uundane msanga. Ukaundana amaudula timagawo, nakhetsa madzi ake, nathira mchere, naumba chotsalacho m'zikombole. Pafupifupi malita 10 a mkaka wa ng'ombe ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba.

Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Ku Poland akatswiri ofukula zakale adapeza mapale a mbiya zobowolabowola ngati sefa, za zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, ndipo mu 2013 adalengeza kuti adapezamo zotsalira za mafuta a mkaka, kusonyeza kuti anthu ankakhetseramo tchizi. Phindu lake lina ndi lakuti lactose wambiri amachoka pamodzi ndi madzi aja, ndipo wotsalayo amadyedwa ndi tizilombo, kotero kuti anthu ambiri amene amatupidwa kapena kutsekula m'mimba akamwa mkaka wamba amatha kudya tchizi wokhwima popanda vuto.

Tchizi wongopangidwa kumene alibe fungo lenileni. Fungo limabwera ndi kukhwima, pamene amamsunga masabata kapena miyezi m'chipinda chozizira ndi chachinyontho, tizilombo tikuphwanya mapuloteni ndi mafuta ake pang'onopang'ono. Mmisiri wa tchizi tingamufanizire ndi mayi wofulula mowa wa masese, amene amadziwa tsiku lothira chimera ndi tsiku limene mowa wapsa. Onse awiri amaweta tizilombo timene sadationepo, ndipo onse awiri akachedwa ndi tsiku limodzi ntchito yawo imaonongeka.

Ntchito ya amonke

Tchizi wonunkha kuposa onse ndi amene khungu lake amalitsuka ndi madzi a mchere pamene akukhwima. Mbiri ya mitundu yambiri ya tchizi wotere imayambira m'nyumba za amonke. Malamulo a Benedikito Woyera ankaletsa amonke kudya nyama ya ziweto za miyendo inayi, kupatula odwala, tsono iwo adalimbikira kukonza mkaka kuti apeze ndiwo yolowa m'malo mwa nyama. Tchizi wotchedwa Munster, wa ku mapiri a Vosges kum'mawa kwa France, adatenga dzina lake ku tauni imene idakula mozungulira nyumba ya amonke, ndipo dzinalo lidachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza nyumba yotero. Maroilles, wa kumpoto kwa dzikolo, nayenso amadziwika ndi dzina la mudzi umene udali ndi nyumba ya amonke.

Époisses uja ndi wa m'chigawo cha Burgundy. Anthu a kumeneko amasimba kuti adayamba ndi amonke m'zaka za m'ma 1500, ndipo amonkewo atachoka, amayi a m'midzi ndiwo adasunga lusolo. Iye amatsukidwa kangapo pa sabata, kwa masabata osachepera anayi, ndi madzi a mchere osakaniza ndi mowa wotcheza wofanana ndi kachasu, wochokera ku zotsalira za mphesa zimene afinyamo vinyo. Ntchitoyi ndi yamanja ndipo ndi yotopetsa. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zitatenga amuna ambiri m'midzi, amayi adatanganidwa ndi minda, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 tchiziyu adatsala pang'ono kutheratu. Mu 1956 Robert Berthaut ndi mkazi wake Simone adayambanso kumpanga, ndipo mu 1991 boma la France lidateteza dzina lake ndi lamulo, kuti munthu wina aliyense asamatche tchizi wake Époisses ngati sadapangidwe m'deralo ndi m'njira yake.

Nanga kutsukako kumabweretsa bwanji fungo? Madzi a mchere amaletsa chuku wamba kumera pa khungu la tchizi, koma amapereka malo abwino kwa mabakiteriya okonda mchere ndi chinyontho. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Brevibacterium linens, amene amathandiza kuti khungulo likhale lofiirira ndi lonanda. Pamene akuphwanya mapuloteni amatulutsa mipweya yokhala ndi sulufule, yofanana ndi imene imatuluka m'kabichi woola. Tsono pali malo ena pa dziko lapansi amene ali ofunda, achinyontho ndi amchere chimodzimodzi, ndiwo mpata wa pakati pa zala za kumapazi a munthu wovala nsapato tsiku lonse. Pamenepo pamakhala abale enieni a bakiteriya ameneyu, ndipo amagwira ntchito yomweyo pa khungu lathu. Motero mnzathu amene adaloza nsapato za mphunzitsi wa masewera sadaphonye kwenikweni.

Eni ake sachita nalo manyazi fungoli, koma amanyadira. Ku England kuli tchizi amene dzina lake, Stinking Bishop, limatanthauza bishopu wonunkha, ngakhale kuti dzinalo silinyoza mtsogoleri wa mpingo uliwonse: ndi dzina la mtundu wa chipatso chimene amafulira chakumwa chotsukira tchiziyo. Mu 2004 akatswiri a pa yunivesite ya Cranfield adayesa mitundu 15 ya tchizi pogwiritsa ntchito mphuno za anthu ndi makina onunkhiza, napeza kuti Vieux-Boulogne wa kumpoto kwa France, amene amatsukidwa ndi mowa, ndiye wonunkha koposa. Kumeneko nkhaniyi idalandiridwa ngati kupambana pa mpikisano.

Umboni wa udzudzu

Pali mboni ina imene idatsimikiza ubale wa tchizi ndi mapazi, ndipo ife timaidziwa bwino, pakuti imatiyimbira kukhutu usiku uliwonse m'nyengo ya dzinja. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Wageningen ku Netherlands, Bart Knols ndi Ruurd de Jong, ankafufuza za udzudzu wotchedwa Anopheles gambiae, umodzi mwa mitundu imene imafalitsa malungo kwambiri mu Africa. Adaona kuti munthu akakhala pansi osafunda, udzudzuwu umakonda kumluma kumapazi ndi mu akakolo, koma akasambitsa mapaziwo ndi sopo wopha tizilombo, umayamba kuluma paliponse. Adazindikira kuti chimene chimaukoka ndi fungo la mapazi.

Knols, pokumbukira tchizi wotchedwa Limburger, amene adayambira m'dera la Limburg ndipo masiku ano amapangidwa kwambiri ku Germany, adaganiza zomuika mumsampha. Udzudzu udalowamo wochuluka kuposa mumsampha wopanda nyambo. Zotsatirazi adazifalitsa mu 1996, ndipo mu 2006 awiriwa adalandira mphotho ya Ig Nobel, imene imaperekedwa pa kafukufuku woyamba waseketsa anthu kenaka n'kuwaganizitsa. Kuganizako kudabala zipatso. Akatswiri adapitiriza kufufuza mafungo amene amakoka udzudzu, mpaka adapanga nyambo yotsanzira fungo la thupi la munthu. Pa chilumba cha Rusinga ku Kenya adatchera misampha yotere yoyendera mphamvu ya dzuwa pa nyumba za anthu, ndipo lipoti la mu 2016 lidasonyeza kuti anthu opezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi adachepa ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse. Chinthu chimene chidayamba ngati nthabwala ya tchizi chidafika pa nkhani ya moyo wa ana athu.

Chuku cha m'phanga

Mtundu wina wa tchizi wamphamvu ndi uja wokhala ndi mizere yobiriwira m'kati, imene ndi chuku chenicheni. Wotchuka koposa ndi Roquefort, wopangidwa ndi mkaka wa nkhosa kumwera kwa France. Kumeneko kuli phiri lotchedwa Combalou, limene mbali yake ina idagumuka kalekale n'kusiya mapanga okhala ndi ming'alu yolowetsa mphepo yozizira ndi yachinyontho chaka chonse. Nthano ya eni ake imati mnyamata wina woweta nkhosa adasiya kamba wake wa buledi ndi tchizi m'phanga, nathamangira mtsikana amene adamuona patali. Atabwerera patapita nthawi adapeza tchizi uja atachita chuku, koma chifukwa cha njala adadya, napeza kuti wakoma kuposa kale.

Nthanoyo tiisiye pomwepo, koma zolembedwa zilipo zosonyeza kuti mu 1411 mfumu Charles VI idapatsa anthu a mudzi wa Roquefort okha ufulu wokhwimitsa tchizi ameneyu m'mapanga awo, ndipo mu 1925 iye adakhala tchizi woyamba ku France kutetezedwa dzina ndi lamulo. Chuku chake, chotchedwa Penicillium roqueforti, ndi cha banja limodzi ndi chimene Alexander Fleming adapezamo mankhwala a penisilini mu 1928. Kale ankachimeretsa pa buledi amene ankamsiya m'phanga, kenaka n'kumpera kukhala ufa wothira mu mkaka. Popeza chukuchi chimafuna mpweya, tchizi amambaya ndi masingano aatali kuti chimere m'kati monse, ndipo sagulitsidwa asadakwane masiku 90. Kukoma kwake n'kwa mchere ndi koluma lilime pang'ono ngati tsabola. Abale ake ndi Gorgonzola wa ku Italy ndi Stilton wa ku England.

Pa chilumba cha Sardinia, ku Italy komweko, abusa adafika patali kuposa apa. Iwo amatsegula tchizi wa nkhosa kuti ntchentche ya mtundu wina iikiremo mazira, ndipo mphutsi zake zimamfewetsa mpaka kukhala ngati phala. Dzina lake ndi casu marzu, kutanthauza tchizi woola. Malamulo salola kumgulitsa m'masitolo, komabe m'midzi ina amamtulutsa pa zikondwerero, mphutsi zikuyenda. Ndikudziwa kuti ena mwa inu awerengi mwalavula kale. Tisafulumire, pakuti mbusa wa ku Sardinia atationa ife tikuthamangira ngumbi ndi mabeseni mvula yoyamba itagwa, kapena tikukazinga mphalabungu, nayenso akhoza kutembenuza nkhope.

Mphuno ndi pakamwa

Tibwerere ku funso lathu. Lilime la munthu limazindikira zinthu zisanu zokha: kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere, ndi kukoma kuja kwa nyama kumene katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, adapeza gwero lake mu 1908 nakutcha umami. Kukoma kumeneku kumachokera ku glutamate, amene amachuluka mapuloteni akaphwanyika. Iye ali wambiri mu tchizi wokhwima, mu tomato wakupsa ndi mu nsomba zouma, ndipo n'chifukwa chake usipa wothira tomato umatha nsima yambiri. Zina zonse zimene timati kukoma kwa chakudya ndi ntchito ya mphuno, monga aliyense amene adadwalapo chimfine angachitire umboni.

Koma fungo limafika kumphuno kudzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kutsogolo, pamene tikununkhiza chinthu chili m'mbale. Yachiwiri ndi ya kumbuyo, pamene tikutafuna ndipo mpweya ukukwera kuchokera kukhosi. Pa njira yoyamba timalandira mipweya ya sulufule yokha, imene imauluka msanga kuchoka pa khungu la tchizi. Pa njira yachiwiri fungolo limafika litasakanizika ndi mafuta, mchere ndi kukoma kwa nyama kuja, ndipo ubongo umaliwerenga ngati chinthu china. Kuwonjezera apo, fungo lambiri limakhala pa khungu, pamene m'kati mwake ndi mofatsa. Makolo adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tchizi ameneyu ndi mkuyu wotembenuza, woipa kunja ndi wokoma m'kati.

Palinso mbali ya maganizo. Mu 2005 akatswiri a ku Oxford, motsogozedwa ndi Edmund Rolls, adanunkhiritsa anthu fungo limodzimodzi kangapo. Nthawi ina ankawaonetsa mawu akuti ndi fungo la tchizi, nthawi ina akuti ndi fungo la thupi la munthu. Anthuwo adanena kuti fungolo n'labwinoko pamene lidatchedwa tchizi, ndipo makina ojambula ubongo adasonyeza kuti mbali za ubongo zokhudza kukondwa zidagwira ntchito mosiyana. Fungo lidali lomwelo, chidasintha ndi dzina. Apa tikuphunzira kuti mphuno imaphunzitsidwa. Mwana wa ku Burgundy amene adakula akuona agogo ake akutsegula kabokosi kaja pa tsiku la chikondwerero, akamva fungolo amakumbukira kwawo.

Kadyedwe kake

Amene angapeze mwayi wolawa tchizi wotere, kaya pa ulendo kaya m'masitolo aakulu a m'mizinda, adziwe kuti ali ndi mwambo wake. Choyamba, asamdye atangomtulutsa m'firiji, pakuti kuzizira kumabisa kukoma. Amtulutse pafupifupi ola limodzi nthawi yakudya isadakwane. Chachiwiri, pakakhala mitundu ingapo ayambe ndi wofatsa n'kumalizira wamphamvu, chifukwa amene wayamba ndi Roquefort sadzamvanso kukoma kwa enawo. Wongoyamba kumene angachite bwino kuyamba ndi Taleggio wa ku Italy kapena Camembert wa ku Normandy, ndipo ngati khungu likumuopsa alichotse n'kudya zam'kati zokha. Chachitatu, tchizi sadya ngati nsima. Kachidutswa konga chala chachikulu n'kokwanira, ndipo amakasiya kasungunuke m'kamwa.

Mtundu uliwonse uli ndi chodyera chake, monga momwe ife timadziwira kuti chambo chifuna nsima ndipo thobwa afuna mbatata. Époisses wokhwima amamtapa ndi supuni n'kupaka pa buledi. Munster amadya ndi mbatatesi yowiritsa. Limburger amamuika pa buledi wakuda pamodzi ndi anyezi wosaphika, mowa uli pambali. Roquefort, popeza ndi wamchere, amagwirizana ndi zotsekemera monga uchi kapena vinyo wotsekemera, ndipo Angerezi amadya Stilton wawo makamaka pa Khirisimasi. Posunga, amkulunge m'pepala, osati m'pulasitiki yomata, kuti azipuma, kenaka amuike m'kontena yotseka bwino. Akapanda kutero, mawa lake mkaka, batala ndi madzi akumwa omwe zidzakhala zitatenga fungo, ndipo m'nyumba mudzabuka mlandu.

Chenjezo

Kukhwima ndi kuola zili ndi malire. Tchizi amene wapitirira msinkhu amatulutsa fungo la amoniya lolasa m'mphuno ngati la mkodzo wokhalitsa, amawawa pa lilime, ndipo khungu lake limada ndi kuchita ntchofu. Wotere ngwotaya. Komanso wina asawerenge nkhani ino n'kuganiza kuti chuku chilichonse n'chodyedwa. Chuku cha Roquefort ndi mtundu umodzi wosankhidwa ndi woleredwa mosamala. Chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chosauma bwino ndi cha mtundu wina, ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Chimenecho sichichoka ngakhale mutaphika.

Choopsa china ndi bakiteriya wotchedwa Listeria, amene amatha kuswana ngakhale m'firiji, ndipo amakonda tchizi wofewa wa khungu lonyowa. Pakati pa 1983 ndi 1987 anthu oposa 30 adafa ku Switzerland atadya tchizi wofewa amene adali ndi kachilomboka. N'chifukwa chake madokotala amalangiza amayi oyembekezera, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka kuti apewe tchizi wofewa wotere, makamaka wopangidwa ndi mkaka wosatenthetsa. Koma onani ichi: Listeria alibe fungo. Mu 2017 ndi 2018 anthu oposa 200 adafa ku South Africa ndi kachilombo komweka, ndipo kadali mu polony, nyama yooneka bwino, yokulungidwa mwaukhondo, yosanunkha konse. Mphuno tsono ndi woweruza wosadalirika mbali zonse ziwiri: imatsutsa chakudya chabwino, ndipo imamasula chakupha.

Nanga kwathu kuno?

Ndikadakonda kunena kuti phunziroli ndidalitenga kwa Mfalansa uja, koma choonadi n'chakuti ndidayenera kulidziwa kale. Ine ndidakulira kumtunda, kumene nsima ndi ya chimanga basi. Nditangomaliza maphunziro, ntchito yanga yoyamba idali pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja. Sabata yoyamba kholo lina la pafupi lidandiitana kunyumba kwake, ndipo mayi wa pakhomopo adandiikira kondowole ndi nsomba. Fungo lowawasa la nsimayo litandifika, ndidakwinya nkhope ndisadadziletse, ndipo ndidanama kuti ndadya kale. Mayiyo sadanene kanthu. Adangotenga mbale zake n'kubwerera nazo kukhitchini, koma maso ake ndimawakumbukira mpaka lero.

Pambuyo pake ndidamva chimene fungo lija limatanthauza. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide. Amayi akachisenda amachiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, ndipo m'masiku amenewo tizilombo timachisasitsa, poizoni uja n'kuchoka, kenaka amachiyanika ndi kuchisinja. Ntchitoyi ikafupikitsidwa zotsatira zake n'zoopsa. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique kutagwa chilala, anthu adakakamizika kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, ndipo oposa 1,000, ambiri a iwo amayi ndi ana, adapuwala miyendo ndi nthenda yotchedwa konzo, imene ilibe mankhwala. Fungo limene ine ndidalinyoza lidali chizindikiro chakuti mayi uja sadachite ulesi, kuti adachotsa imfa m'chakudya asadandipatse. Luso lake silisiyana ndi la amonke a ku Burgundy, kungoti lake palibe mfumu idalilembera kalata.

Masiku ano ndimamva ana a sukulu akusekana m'chipinda chodyera chifukwa cha kamba amene anzawo abwera naye kuchokera kwawo. Wa kunyanja amasekedwa chifukwa cha kondowole ndi utaka, wa kumtunda chifukwa cha mbewa, ndipo ndaonapo mwana akubisa chakudya chimene amake adamkonzera ndi chikondi, n'kukachitaya kudzala usiku kuopa kutchedwa wonunkha. Kunyoza mtundu wa anthu kawirikawiri kumayambira pa mbale yawo, ndipo mwana amene waphunzira kuchita manyazi ndi mphika wa amake sachedwa kuchita manyazi ndi chiyankhulo chawo ndi dzina lawo lomwe. Afalansa adatenga chakudya chonunkha ngati mapazi nachitetezera dzina ndi lamulo, ndipo alendo amakwera ndege kukachilawa. Ife tili ndi chambiko, kondowole, thobwa ndi nsomba zathu zouma, ndipo tikuphunzitsa ana kuzibisa.

Sindikunena kuti aliyense ayenera kukonda tchizi wonunkha. Ine ndemwe mphutsi za ku Sardinia sindingaziyandikire, ndipo mnzathu wa ku France uja, titamuikira mbewa zowamba tsiku lotsazikana naye, adayamika kwambiri koma adangodya mchira wokha. Chakonda mnzako mlekere, mawa chidzakonda iwe. Chimene ndikupempha n'chakuti mbale yachilendo ikaikidwa patsogolo panu, musadakwinye nkhope funsani kuti chakudyacho adachikonza motani ndipo chifukwa ninji, pakuti safunsa adadya phula, ndiponso pali zokoma zambiri zimene safunsa adazisiya m'mbale. Mukatero lawani pang'ono. Ine kondowole ndidadzamlawa patapita chaka chathunthu, kunyumba kwa mayi yemwe uja, nditapita kukapepesa, ndipo tsikulo ndidapempha mtanda wachiwiri.

Sabata ya mawa tidzaona za nsomba zosasitsa za ku maiko a kumpoto kwa Ulaya.